Wobyala mtengo si ndiye amaika mtengo: nkhani ya koko

Mu December 2024, tani imodzi ya koko inafika pa madola opitilila 12,000 pa msika wa ku New York. Zaka ziwili cabe m'mbuyomo, tani imodzimodziyo inali kugulidwa pafupifupi madola 2,500. Panali miyezi m'caka cimeneco pamene tani ya njele za koko inali yodula kupambana tani ya mkuwa wathu wa ku Copperbelt. Wacinyamata aliyense amene ali na satifiketi m'cikwama koma alibe nchito, akamva nkhani yaconco mutu umayamba kuthamanga. Malo tili nao, manja tili nao, nanga n'cifukwa ciani na ise sitibyala koko?

Funso limeneli si lopusa, ndipo lifunika yankho losapita m'mbali. Langa ni lakuti osataya ndalama zanu pa koko. Coyamba, mbewu imeneyi sigwilizana na nyengo yathu. Caciwili, cimene kwa ine n'cacikulu, mbili ya koko ionetsa cinthu cimodzi mobwelezabweleza kwa zaka mahandiledi: amene amabyala na kukolola si ndiye amene amadya ndalama zake. Tikamvetsa cifukwa cake, tidzayamba kuona nshawa, soya na uci wathu na maso ena.

Tiyambe na mbewu yeniyeniyo. Koko kwao ni ku nkhalango za Amazon ku South America, kumene mvula imagwa pafupifupi caka conse ndipo cisanu sicidziwika. Ni kamtengo kokulila pansi pa mitengo ikuluikulu, kokonda mthunzi na cinyontho. Kuti kakule bwino kamafuna mvula ya mamilimita 1,500 mpaka 2,000 pa caka, yogwa mosadukiza kwambili, ndipo cilimwe cikapitilila miyezi itatu kamayamba kufota. Kamafunanso kutentha kwa pakati pa madigili 18 na 32. Ndiye cifukwa cake koko yambili imalimidwa m'malo otsika a pafupi na ikweta, m'maiko monga Côte d'Ivoire, Ghana, Ecuador, Cameroon, Nigeria na Indonesia.

Manje yelekezani na Lusaka. Tili pamwamba, mamita opitilila 1,200 kucokela pa nyanja yamcele. Mvula yathu ni pafupifupi mamilimita 800 caka cikakhala bwino, ndipo yonse imagwa m'miyezi isanu cabe. Kucokela mu May mpaka October kumwamba kumakhala kuli mbee. Mu June na July usiku kumazizila mpaka madigili osakwana 10. Ku Luapula, ku Northern na ku North-Western mvula ni yambili, koma cilimwe cake n'cacitali ndithu. Wina angakambe kuti tidzathilila. Inde, koma takumbukilani 2024, caka cimene boma linalengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse, madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku. Pampu yanu ikanayenda na ciani? Cimanga cikapsa mumataya caka cimodzi. Munda wa koko ukauma mumataya zaka zisanu.

Anansi athu a ku Tanzania amalima koko ku Kyela, m'cigawo ca Mbeya, osati kutali kwambili na Nakonde. Koma Kyela ni cigwa cotentha ca kumutu kwa nyanja ya Malawi, pansi pa mapili amene amagwetsa mvula yambili. Ngati muno mu Zambia muli kacigwa kofanana na kameneko, kukayesa ni nchito ya akatswili a ku ZARI na ndalama za kafukufuku. Si nchito ya mnyamata wa ku Chawama amene wangolandila cilimba cake.

Ngakhale kumene imalola, koko ni mbewu yofuna mtima wautali. Mbande imatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti iyambe kubala. Maluwa ake ni ang'onoang'ono, amaphuka pathunthu penipeni na panthambi zikuluzikulu, ndipo amene amanyamula mungu wake si njuci koma tizilombo touluka tocepa kupambana udzudzu, tokhala m'masamba owola. Pa maluwa 100 alionse, amene amasanduka cipatso nthawi zambili sakwana 5. Cipatso cimatenga miyezi isanu kapena isanu na umodzi kuti cipse. Mkati mwake muli njele 30 mpaka 40, zokutidwa na zoyela zotsekemela. Mlimi amathyola na manja, amaswa cipatso cimodzicimodzi, amaunjika njele na kuzivundika m'masamba a nthoci kwa masiku asanu mpaka asanu na awili, kenaka amayanika padzuwa pafupifupi wiki yathunthu. Kuvundikako ndiye kumene kumabweletsa kakomedwe ka cokoleti. Njele yosavundika bwino imangowawa. Kilo imodzi ya njele zouma imafuna zipatso 25 kapena kupitililapo. Mlimi wamba wa ku West Africa amakolola makilo 400 mpaka 500 pa hekitala pa caka. Palibe makina ocita zonsezi, ni msana na cikwanje.

Anthu anayamba kale kwambili kuidziwa mbewu imeneyi. Ku Ecuador, pamalo ochedwa Santa Ana-La Florida, ofukula zakale anapeza zotsalila za koko m'miphika ya zaka zoposa 5,000 zapitazo. Pambuyo pake mbewuyi inafika ku Central America na Mexico, kumene a Maya anali kuilemba m'zolemba zao na dzina lakuti kakaw. Sanali kuidya monga switi. Anali kukazinga njele, kuzipela pamwala, kusakaniza na madzi, mphilipili, ufa wa cimanga kapena vanila, na kutsanula cakumwaco kucokela m'mphika wina kupita mu unzake ali ciimilile mpaka thovu litakwela. Thovulo ndiye linali ndiwo yake ya nkhani. Cinali cakumwa ca pa maukwati, pa miyambo ya milungu na pa maphwando a mafumu, ndipo anthu olemekezeka anali kuikidwa m'manda pamodzi na makapu ake.

Pofika nthawi ya a Aztec, njele za koko zinali ndalama zenizeni za pa msika. Pali cikalata ca mu 1545 ca mu mzinda wa Tlaxcala cimene cinalemba mitengo ya zinthu. Nkhukundembo yaikazi yonona inali njele 100. Kalulu wamng'ono anali njele 30. Dzila la nkhukundembo linali njele zitatu. Kotapela wakupsa anali njele imodzi, ndipo tomato wamkulu analinso njele imodzi. Ndalama zikuluzikulu anali kuziwelenga m'matumba a njele 8,000, ndipo matumba atatu, njele 24,000, ndiye anali mtolo wa munthu mmodzi. Ndipo kumene kuli ndalama sikusowa akathyali: ena anali kucotsa zamkati mwa njele, kuikamo dothi na kutseka bwinobwino, monga mmene ena amacitila na ndalama zabodza masiku ano. Mu 1502, Christopher Columbus atagwila bwato lalikulu la amalonda kufupi na Honduras, mwana wake Ferdinand anadabwa kuona mmene eni ake anali kuthamangila kutola njele iliyonse imene yagwa pansi. Azunguwo sanadziwe kuti zimene zinali kugwazo ni ndalama.

Apa pali mfundo imene ambili amaidumpha. Likulu la a Aztec, Tenochtitlan, pamene pali Mexico City lelo, linali pamwamba kwambili, mamita opitilila 2,200. Koko simela kumeneko. Anthu amene anali na nkhokwe zodzala na koko sanabyalepo mbande ngakhale imodzi. Anali kuitenga ku madela otentha a kum'mwela monga Soconusco, kudzela m'njila ziwili: mtulo umene ogonjetsedwa pankhondo anali kupeleka, na gulu la amalonda oyenda maulendo atali ochedwa pochteca. Amene anali kumwa koko anali mafumu, asilikali na amalonda aja. Munthu wamba akakhala na njele khumi, kuzimwa kunali kumwa ndalama ya ndiwo. Conco ngakhale azungu asanabwele, wolima anali wina, wakumwa wina.

A ku Spain atagonjetsa Tenochtitlan mu 1521 sanasinthe dongosolo limeneli, anangolikhwimitsa. Anapitiliza kutolela mtulo wa koko mpaka eni nthaka anatha na matenda obwela komanso nchito ya cikakamizo. Ulimi unasamukila ku Venezuela na Ecuador, ndipo ku Venezuela amene anali kugwila makasu anali akapolo ocokela ku Africa. Mu 1585 katundu woyamba wolembedwa m'mabuku anacoka ku Veracruz kupita ku Seville. Ku Europe anathilamo shuga, amenenso anali kulimidwa na akapolo, ndipo cinakhala cakumwa ca m'nyumba za mafumu. Mu 1753 Carl Linnaeus anapatsa mbewuyi dzina lakuti Theobroma cacao, kutanthauza cakudya ca milungu. Milungu yake sinali kumunda.

Cokoleti cimene tidziwa ise cinabadwa m'mafakitale. Mu 1828 banja la Van Houten ku Netherlands linapanga makina ofinya mafuta m'njele za koko, kutsala ufa wosavuta kusungunuka. Mu 1847 kampani ya Fry ku Bristol inasakaniza mafutawo, ufa na shuga, n'kupanga cokoleti coumba cotafuna. Mu 1875 Daniel Peter wa ku Switzerland anaikamo mkaka, ndipo mu 1879 Rodolphe Lindt anapanga makina opela cokoleti mpaka cisalale cosungunuka pakamwa. Onani maiko amenewa: Netherlands, England, Switzerland. Palibe ngakhale limodzi limene lili na munda wa koko. Mpaka lelo doko la Amsterdam ni limodzi mwa malo aakulu kwambili olandilila koko padziko.

Mafakitale atayamba kufuna njele zambili, maso anatembenukila ku Africa. Apwitikizi anatenga mbande ku Brazil n'kuzibyala pa zisumbu za São Tomé na Príncipe ca m'ma 1820. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, tizisumbu timeneti tinali pakati pa malo otulutsa koko yambili padziko lonse. Anchito ake anali kutengedwa ku Angola, dziko limene tipakana nalo, ndipo pambuyo pake ku Mozambique na Cape Verde. Pa pepala anali anchito a kontilakiti ya zaka zisanu. Zoona zake anali kugulidwa, kumangidwa na kuyendetsedwa wapansi mpaka ku nyanja, ndipo kwa zaka zambili panalibe wobwelela kwao. Mtolankhani wa ku Britain, Henry Nevinson, anayenda m'njila zimenezo na kuulula nkhaniyi mu 1906. Kampani ya Cadbury inaleka kugula koko ya ku São Tomé mu 1909, koma panthawiyo n'kuti itapeza kale kwina kogula, ku Gold Coast, imene lelo ni Ghana.

Nkhani ya Ghana ni yosiyana, ndipo ndiye imene iyenela kutikhudza kwambili. Mu 1879 wosula zitsulo wina, Tetteh Quarshie, anabyala ku Mampong njele zimene anabwela nazo kucokela ku cisumbu ca Fernando Po kumene anagwilako nchito. Amishonale a ku Basel anali atayesapo kale, koma munda wa Quarshie ndiye unatsegula anthu maso. Alimi wamba anayamba kusonkha ndalama m'magulu, kugula malo m'nkhalango, kubyala na kuyembekeza. Sinali pulojekiti ya boma, ndipo panalibe mzungu wa famu. Pofika 1911 Gold Coast inali patsogolo pa maiko onse potulutsa koko. Aliyense wokamba kuti mlimi wa mu Africa sadziwa bizinesi ayambe wawelenga mbili imeneyi.

Koma kukolola kwambili sikunawapatse mphamvu pa mtengo wogulitsila. Mu 1937 makampani akuluakulu a ku Europe ogula koko anapangana mseli kuti aleke kupikisana, aliyense azigula pa mtengo umodzi. Alimi atadziwa, anagwilizana na mafumu ao n'kukana kugulitsa. Analekanso kugula katundu wa m'masitolo a makampaniwo. Anapilila pafupifupi miyezi isanu, mpaka mu April 1938, ndipo boma la Britain linakakamizika kutumiza gulu lofufuza limene linadzudzula pangano la makampani lija. Anthu opanda foni, opanda WhatsApp, anagwedeza London cifukwa cakuti anakana onse pamodzi.

Cimene cinatsatila cili na mbali ziwili. Mu 1947 kunakhazikitsidwa bungwe la boma logula koko yonse, kholo la COCOBOD ya lelo. Colinga cinali kuteteza mlimi kuti mtengo ukagwa kunja asagwe nao. Koma bungwelo linali kulipila mlimi zocepa na kusunga zotsala, ndipo maboma, la atsamunda na la Kwame Nkrumah lomwe, anali kutapamo. Zina zinamanga misewu na masukulu, zina zinangolowa m'madzi. Mtengo wa koko utagwa mu 1965, cuma ca Ghana cinagwada, ndipo mu February 1966 asilikali anacotsa Nkrumah pa mpando. Makolo athu aidziwa nyimbo imeneyi. Ni zimene zinacitika kuno mtengo wa mkuwa utagwa ca m'ma 1975: mizela ya unga, sopo na saladi.

Tibwelele ku 2024. Côte d'Ivoire na Ghana pamodzi amatulutsa koko yopitilila theka la koko yonse ya padziko. Mtengo unakwela cifukwa zokolola zao zinagwa. Mvula yosalongosoka inabweletsa matenda owoletsa zipatso, kenaka kunabwela kutentha. Matenda otupitsa nthambi, amene mankhwala ake ni kudula munda wonse, anafalikila. Ku Ghana okumba golide mosaloledwa anawononga minda na mitsinje. Ndipo mitengo yambili inali yokalamba, cifukwa mlimi amene walipidwa zocepa kwa zaka 30 sangakwanitse kuzula munda na kukhala zaka zinai osakolola. Mwa kukamba kwina, madola 12,000 aja sanali cizindikilo cakuti alimi alemela. Anali cizindikilo cakuti alimi anafinyidwa mpaka minda inatopa.

Nanga pa ndalama zimenezo mlimi anaonapo zingati? Mu October 2024 boma la Côte d'Ivoire linaika mtengo wa mlimi pa mafulanki 1,800 pa kilo, amene ni pafupifupi madola atatu. Pa tani ni madola 3,000, pamene ku New York inali kuthamangila ku 12,000. Cifukwa cimodzi n'cakuti mabungwe a boma amagulitsilatu mbali yaikulu ya zokolola caka cisanafike, ndiye anali atamangika kale pa mitengo yakale. Matumba ambili anayamba kudutsa malile usiku kupita ku Togo, Guinea na Liberia. Pa ndalama imene munthu amalipila pogula cokoleti m'sitolo, imene imafika kwa mlimi nthawi zambili sikwana 10 pelesenti. Kafukufuku wa bungwe la NORC la pa University of Chicago, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti ana pafupifupi 1.56 miliyoni anali kugwila nchito zosayenela msinkhu wao m'minda ya koko m'maiko awiliwa. Kholo silituma mwana na cikwanje cifukwa comuzonda. Limatelo cifukwa ndalama yolemba waganyu palibe. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Ndipo pofika kumapeto kwa 2025, mtengo uja unali utatsika kale na theka. Amene anabyala mbande atamva nkhani ya 12,000 akali kuyembekeza cipatso coyamba. Ise sitifunika kupita ku Abidjan kuti timvetse zimenezi. Ca m'ma 2000 alimi ambili kuno ananyengeleledwa kubyala jatropha, ati mafuta a galimoto adzacokela m'munda. Mitengo itakula ogula anali atazimilila. Mu 2023 ambili anathamangila soya cifukwa caka cam'mbuyo mtengo unali wabwino, ndipo pokolola mtengo unagwa. Mbewu ya miyezi inai inatiliza conco, kuli bwanji ya zaka zisanu?

Nidziwa kuti wina akamba kuti, "Nanga Tetteh Quarshie akanamvela anthu amantha monga iwe, Ghana ikanakhala kuti?" Funso labwino. Vuto si lakuti koko ni mbewu yacilendo. Cimanga cimene timadyela nsima cinacokela ku Mexico komweko. Nshawa, cinangwa, kandolo, tomato na mphilipili zonse zinaoloka nyanja kucokela ku America. Ngakhale gliricidia, mtengo umene alimi a ku Eastern Province abyala m'minda kuti ubwezele nthaka, kwao ni ku Central America, ndipo kumeneko amaucha madre de cacao, kutanthauza amai ake a koko, cifukwa ndiye unali kupatsa koko mthunzi. Amai ake analola kuno, mwana sanalole. Quarshie anali ataiona mbewuyo na maso ake kwa zaka, anaibyala pamalo a mvula na kutentha kofanana na kumene inacokela, ndipo msika wake unali kukula caka na caka. Uko kunali kuwelengela bwino. Kugula mbande cifukwa ca vidiyo ya pa Facebook ni njuga.

Winanso akamba kuti yankho ni kupanga tekha zinthu zomalizika, mau amene andale amakonda pa msonkhano uliwonse. Nivomeleza, koma koko itiphunzitsa kuti fakitale payokha siombola mlimi. Ghana ili na fakitale ya koko ku Tema kuyambila m'ma 1960, imene imapanga cokoleti ca Golden Tree. Côte d'Ivoire lelo ili pakati pa maiko opela koko yambili padziko, mpikisano wake ni Netherlands. Koma zigayo zikuluzikulu za kumeneko ni za makampani akunja monga Cargill na Barry Callebaut, ndipo zimene zimatuluka ni phala, mafuta na ufa zopita ku Europe kuti zikapatsidwe dzina na pepala lowala. Ndalama yaikulu ili pa dzina, pa sitolo na pa wogula. Anthu a ku Ghana na Côte d'Ivoire amadya cokoleti cocepa kwambili poyelekeza na a ku Switzerland kapena Germany, ndiye ngakhale apange cabwino bwanji, wogula ali kutali ndipo cipata ca kwa wogulayo cili na mwini wake. Alimi a gulu la Kuapa Kokoo ku Ghana anaiona mfundo imeneyi, ndipo mu 1998 anakhala eni ake a gawo la kampani yogulitsa cokoleti ca Divine ku Britain. Anafuna kukhala kumene kuli ndalama.

Apa ndiye pamene ise tili na mwai umene mlimi wa koko alibe. Zimene timalima timadya tekha. Ciponde, saladi, soya pisi, uci, mapopo ouma, unga wa cinangwa: wogula ali pa Soweto, pa Chisokone, pa kantemba ka pa kona. Safunika sitima ya pamadzi kapena cilolezo ca ku Brussels. Imwe acinyamata a m'tauni mumakhala pakati pa ogula amenewa, mudziwa zimene amakonda na ndalama imene angatulutse. Ambili a imwe muli na ambuye, amalume kapena atate aang'ono kumudzi amene amagulitsa nshawa pa meda kwa aliyense wofika na njinga yamoto, cifukwa sadziwa kuti ku Lusaka zili pa zingati. Pa wailesi pamene nimathandizako, tikawelenga mitengo ya mbewu mafoni amalila kupambana pa pulogilamu ya nyimbo. Njala ya kudziwa mtengo ni yaikulu, ndipo foni ili m'thumba mwanu ingaithetse.

Cina cimene koko itiphunzitsa n'cakuti ndalama imapangika kapena kutayika m'masiku ocepa a pambuyo pokolola. Koko ya ku Ghana imagulidwa modulilapo kupambana ya maiko ena oyandikana nao cifukwa alimi amavundika na kuyanika mosamala, ndipo matumba amayesedwa asanakwele sitima. Kwa ise nkhani ni cuku. Nshawa zoyanikidwa padothi, zosungidwa zisanaume bwino, kapena zothilidwa madzi kuti zisweke msanga kapena zileme pa sikelo, zimagwila poizoni wa aflatoxin amene amawononga ciwindi. Poizoni ameneyu ni cimodzi mwa zifukwa zimene nshawa za m'cigawo cino ca Africa zimavutikila kulowa m'misika yolipila bwino. Munthu wogula tenti yoyanikilapo, matumba abwino na sikelo yoona, n'kugwilizana na alimi 20 kuti azisankha na kugulitsa pamodzi, ali na bizinesi yeniyeni kupambana wobyala mbande 500 za koko ku Chongwe.

Koma cenjezo lilipo, ndipo likhudza ise tomwe. N'capafupi kucoka ku Lusaka na kacikwama, kukafika ku Petauke mu April pamene anthu ali na njala ya ndalama ya sukulu, kugula na sikelo yokhotetsa, n'kubwela kudzadzicha wabizinesi. Ukatelo wangolowa m'malo mwa wotolela mtulo wa ku Tenochtitlan na kampani ya mu 1937, kusiyana kwake n'kwakuti amene wafinya ni ambuye ako. Ndipo mapeto ake tawaona ku West Africa: mlimi wofinyidwa amaleka kusamala munda, ana ake amathawila m'tauni, ndipo tsiku lina wogula amapeza kuti palibe cogula. Wamalonda wanzelu amafuna kuti mlimi wake akhale na cifukwa cobyalanso caka camawa.

Mbewu ina idzabwela, mudzaiona. Idzakhala na dzina lokoma, zithunzi zobiliwila na munthu wovala bwino wokamba kuti amene ayambe msanga ndiye adzalemele. Musanatumize ndalama pa foni, mufunseni kuti mbewuyo inayesedwa kuti muno mu Zambia ndipo kwa zaka zingati. Mufunseni dzina la amene adzagula, kumene ali, na pepala limene wasaina. Mufunseni kuti pa tsiku lokolola, amene adzachula mtengo ni ndani. Akayamba kuzungulila, dziwani kuti phindu lake lili pa mbande zimene akugulitsani lelo, ndipo zaka zisanu zoyembekeza ni zanu mweka.